Khanda likati "ba", liyankheni

Maganizo anga pa nkhani ya ana ndi kuyankhula ndi awa: mwana amaphunzira chiyankhulo chifukwa pali munthu amene akumuyankha. Mawu ongomuzungulira, a pa wailesi, a pa foni, kapena a akuluakulu amene akucheza okhaokha iye ali pambali, amathandiza pang'ono zedi tikayerekeza ndi munthu mmodzi amene wamuyang'ana kumaso, wamva kaphokoso kake, n'kumubwezera mawu. Ndipo zimandipweteka kumva anthu akuuza mayi amene ali ndi nkhawa kuti "musiyeni, akakula ayankhula". Mawu amenewa atayitsa ana ambiri miyezi yofunika kwambiri pa moyo wawo.

Ntchitoyi imayamba mwana asanabadwe. M'miyezi itatu yomaliza ya pathupi, makutu ake amakhala atayamba kale kumva. Mawu amafika m'mimbamo ngati a munthu woyankhulira kuseri kwa khoma, koma kukwera ndi kutsika kwa liwu la mayi kumadutsa bwinobwino. Mu 1980, ofufuza DeCasper ndi Fifer anaonetsa kuti khanda losakwana masiku atatu limasintha kayamwidwe kake kuti makina alimvetsere liwu la mayi ake m'malo mwa liwu la mayi wina. Mu 2009 ofufuza ena anajambula kulira kwa makanda a ku France ndi a ku Germany, ndipo anapeza kuti a ku France ankalira mokweza kumapeto, a ku Germany motsitsa, mofanana ndi momwe ziyankhulo za makolo awo zimamvekera.

Khanda limabadwa ndi khutu lotha kusiyanitsa pafupifupi maliwu a chiyankhulo chilichonse. Janet Werker ndi Richard Tees, ku Canada mu 1984, anayesa makanda a m'mabanja oyankhula Chingerezi pa maliwu a Chihindi amene m'Chingerezi mulibe. A miyezi 6 mpaka 8 ankawasiyanitsa. Pofika miyezi 10 mpaka 12, ambiri anali atasiya. Ubongo umasunga kusiyana kumene kuli ndi ntchito m'chiyankhulo chimene mwana akumva, kwinako n'kukutaya. Mwana womva Chichewa ayenera kusunga kampweya kamene kamasiyanitsa "ponya" ndi "phonya", chifukwa kampweyako kakusintha tanthauzo lonse. Amagwira ntchito imeneyi asanatchule liwu ngakhale limodzi lomveka. Choncho amene amati kuyankhula ndi khanda n'kutaya nthawi poti silimva kanthu, akulakwitsa pa chaka chimene khutu likuumbidwa.

Pakamwa napo pamakhala ndondomeko yake. Pa miyezi iwiri kapena itatu khanda limayamba "aaa", "uuu". Pakati pa miyezi 6 ndi 10 limayamba kubwereza maphatikizo enieni: ba-ba-ba, da-da-da, ma-ma-ma. Cha m'miyezi 9 mpaka 12 limayamba kuloza ndi chala. Mawu oyamba amatuluka cha pa chaka chimodzi, ndipo pakati pa miyezi 18 ndi 24 mwana amayamba kulumikiza mawu awiri, "amama bwera", "madzi atha". Ana amasiyana ndi miyezi ingapo pa zonsezi, ndipo kumva kumatsogola nthawi zonse: mwana amadziwa mawu ambiri kuposa amene angathe kutchula.

Pa zonsezi ine ndimaikira mtima kwambiri pa kuloza. Taonani zimene zimachitika. Mwana wa miyezi 11 ali m'manja mwa bambo ake, mbalame yatera pa mtengo. Akutambasula chala, akuti "ba!", kenako akutembenuka kuyang'ana nkhope ya bambo. Kutembenukako ndiye nkhani yonse. Akufuna kudziwa ngati bambo aona chimene iye waona. Bambo akayang'ana komweko n'kunena kuti "Eee, mbalame! Mbalame yauluka, yapita," liwu lakuti "mbalame" lagwera pa chinthu chimene maganizo a mwanayo ali kale. Bambo akakhala maso ali pa foni, kapena akati "taona galimoto iyo" pomwe mwana akuyang'ana mbalame, mwayi uja wadutsa. Kamodzi sikapweteka. Koma mipata yotere imabwera kambirimbiri tsiku lililonse, ndipo kusiyana kwa mwana amene amayankhidwa ndi amene sayankhidwa kumaunjikana.

Umboni ulipo. Michael Goldstein ndi Jennifer Schwade, ku yunivesite ya Cornell ku America mu 2008, anauza amayi ena kuti aziyankha nthawi yomweyo makanda awo a miyezi 9 akatulutsa kaphokoso. Amayi ena anauzidwa kunena mawu omwewo, ochuluka chimodzimodzi, koma pa nthawi yosagwirizana ndi kaphokoso ka mwana. Makanda oyankhidwa pa nthawi yake anasintha katchulidwe kawo n'kuyamba kutsatira mtundu wa maliwu a amayi awo. Enawo sanasinthe. Mawu anali ofanana, chinasiyana ndi nthawi yokha.

Kafukufuku wa Patricia Kuhl ku Seattle mu 2003 ndi woti kholo lililonse lokonda kupatsa khanda foni limve. Anatenga makanda a miyezi 9 a m'mabanja a Chingerezi, n'kuwakumanitsa ndi anthu oyankhula Chimandarini, chiyankhulo cha ku China ndi ku Taiwan, maulendo 12, ulendo uliwonse mphindi 25, akusewera nawo ndi kuwawerengera mabuku. Pamapeto pake makandawo ankasiyanitsa maliwu a Chimandarini ngati makanda a ku Taiwan. Gulu lina linaonera anthu omwewo pa vidiyo, lina linangomvera mawu awo. Magulu awiriwa sanaphunzirepo kanthu. Vidiyo siidikira mwana, siiona kumene iye akuyang'ana, ndipo akati "ba" imangopitiriza zake. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2019 linalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhazikidwe pa TV kapena pa foni, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Kucheza pa foni ya vidiyo ndi agogo kapena bambo amene ali kutali n'kosiyanako, poti kumeneko kuli munthu woyankha.

Nanga m'nyumba tichite chiyani? Choyamba, tsikani mufanane naye msinkhu kuti aone pakamwa panu. Tsatirani chimene iye wagwira kapena akuyang'ana, mutchule dzina lake. Mukanena kanthu, khalani chete, muwerenge mumtima mpaka 5 kapena 10. Apa m'pamene akuluakulu ambiri amalephera: amafunsa, asanapume n'komwe adziyankha okha, kapena afunsa funso lina. Mwana wamng'ono amatenga nthawi kuti apeze liwu ndi kulikonza pakamwa. Akayankha, kaya ndi liwu, kaya ndi chala, kaya ndi maso okha, mutenge ngati wayankhula, inu mubwezere. Yesetsani kuti kupatsanaku kufike maulendo anayi kapena asanu pa chinthu chimodzi musanasinthe nkhani.

Pobwezera, onjezerani pang'ono pa zimene wanena. Akati "galu", inu muti "galu wamkulu" kapena "galu akuthamanga". Akati "galu thamanga", inu muti "eya, galu akuthamangira mpira". Liwu limodzi kapena awiri pamwamba pa msinkhu wake, osati chiganizo chachitali. Chepetsaninso mafunso a mayeso, aja akuti "ichi n'chiyani? nanga ichi?" Pa funso limodzi pakhale ndemanga zitatu kapena zinayi. Ndipo musangotchula mayina a zinthu okha. Mwana wodziwa mayina okhaokha sangamange chiganizo, amafunika aneni: tsegula, tseka, gwa, kwera, tsika, samba. Nthawi yosamba ndi yovala ndi yabwino kwambiri chifukwa mawu omwewo amabwera tsiku ndi tsiku pa zochitika zomwezo. Wailesi kapena TV ikamalira tsiku lonse, muzimitse pa nthawi yocheza naye, chifukwa khutu la mwana silinathe kusefa liwu limodzi pakati pa phokoso monga la wamkulu.

Kaliwu kokwera, kokoka mawu, kamene anthu amayankhulira makanda n'kothandiza, musachite nako manyazi. Kamakopa chidwi cha mwana ndipo kamamveketsa bwino maliwu. Chofunika n'chakuti mawu ake akhale enieni. Buku nalo lisakhale longowerenga kuchokera koyamba mpaka kumapeto. Imani pa chithunzi, mumusiye aloze, mucheze za chithunzicho. Woyankhayu angakhale aliyense: mayi, bambo, agogo, womulera, ngakhale mkulu wake wa zaka 6.

Zolakwitsa za mwana zimasangalatsa munthu akadziwa chimene zikutanthauza. Mwana wa zaka zitatu akati "madzino" m'malo mwa "mano", kapena "madiso" m'malo mwa "maso", sanamve mawuwo kwa wina aliyense. Waona kuti "tebulo" amakhala "matebulo", "buku" amakhala "mabuku", wapeza lamulo, ndiye akuligwiritsa ntchito paliponse. Jean Berko anaonetsa zimenezi mu 1958 pomwe anapatsa ana oyankhula Chingerezi liwu lopeka lakuti "wug" ndipo anawo analichulukitsa molondola ngakhale anali asanalimvepo. Katherine Demuth, amene anatsatira ana oyankhula Chisotho ku Lesotho, anapeza kuti magulu a mayina ndi mgwirizano wake, zimene akuluakulu ophunzira ziyankhulo zathuzi amavutika nazo zaka, ana amakhala atazigwira pofika zaka zitatu. Choncho musamukakamize kuti "nena bwino, bwereza". Ingobwezani mawu olondola mkati mwa macheza: "Eya, mano ako ayera." Mwana wokonzedwa pa liwu lililonse amayamba kuopa kutsegula pakamwa.

Ziyankhulo ziwiri sizichedwetsa mwana, ndipo sizimusokoneza. Kusakaniza mawu a ziyankhulo ziwiri m'chiganizo chimodzi ndi zimene akuluakulu omuzungulira amachitanso. Powerenga mawu amene akudziwa, phatikizani a ziyankhulo zonse. Chimene ndimatsutsana nacho kwambiri ndi makolo kusiya chiyankhulo chimene amachidziwa bwino n'kumayankhula ndi khanda Chingerezi chochepa, cha "come", "sit", "no", poganiza kuti akumukonzera sukulu. Mwanayo amamanidwa nthano, nyimbo, nthabwala ndi ziganizo zodzaza, n'kupatsidwa malamulo a liwu limodzilimodzi. Maziko olimba m'chiyankhulo choyamba amathandiza pophunzira chachiwiri.

Tsopano za pamene zinthu sizikuyenda. Pitani kuchipatala ngati mwana wafika miyezi 10 osayamba ba-ba kapena da-da. Ngati pa miyezi 12 satembenuka mukamuitana dzina, saloza, sabayibitsa. Ngati pa miyezi 16 mpaka 18 alibe liwu ndi limodzi lomwe. Ngati pa zaka ziwiri mawu ake sakwana 50 ndipo salumikiza awiri. Pa zaka zitatu, mlendo azimva zambiri mwa zimene akunena, pa zaka zinayi pafupifupi zonse. Ndipo pa msinkhu uliwonse, mwana akasiya mawu amene ankanena kale, kapena akasiya kuyang'ana anthu kumaso, musadikire ngakhale mwezi, chifukwa zimenezi zimaoneka mwa ana ena a autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lokhudza kuyankhulana ndi kucheza ndi anthu, komanso pa matenda ena a ubongo.

N'zoona kuti ana ambiri ochedwa amadzafika pa anzawo okha. Vuto ndi lakuti pa zaka ziwiri palibe amene angaloze motsimikiza kuti uyu adzafika, uyu ayi. Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi amene samvanso bwino zimene akuuzidwa, sagwiritsa ntchito manja polozera, kapena kubanja kwawo kuli ena amene anali ndi vutoli. Ana pafupifupi 7 pa 100 aliwonse ali ndi vuto lokhalitsa la chiyankhulo popanda chifukwa china chooneka, ndiye kuti awiri m'kalasi ya ana 30. Zoti anyamata amachedwa zili ndi kachoonadi kochepa: kusiyana kwake ndi kwa mwezi umodzi kapena iwiri, sikungafotokoze mnyamata wa zaka zitatu wopanda mawu. Kamnofu ka pansi pa lilime nako kamanamiziridwa kwambiri. Kangavutitse kuyamwa, koma sikaletsa mwana kumva mawu, kuloza, kapena kudziwa mayina a zinthu. Chibwibwi chimayamba kawirikawiri pakati pa zaka 2 ndi 5 ndipo mwa ana ambiri chimatha chokha. Musamumalizire mawu, musamuuze kuti "fatsa". Inuyo chepetsani liwiro la kuyankhula kwanu, ndipo chikapitirira miyezi 6 kapena mwana akayamba kulimbana nacho mpaka kutsinzina, funani thandizo.

Choyamba kuyezetsa ndi makutu, nthawi zonse. Khanda losamva limalira, limaseka, limachita "aaa" ngati lina lililonse m'miyezi yoyamba, n'chifukwa chake makolo amapusitsika. Kuwomba m'manja kumbuyo kwake si mayeso odalirika: amatha kuona mthunzi, kumva mphepo ya manja, kapena kumva phokoso lalikulu koma osamva maliwu ang'onoang'ono ngati "s" ndi "f". Mwana mmodzi mpaka atatu pa 1,000 amabadwa ndi vuto lakumva lokhalitsa, ndipo oposa 90 pa 100 mwa ana osamva amabadwa kwa makolo akumva, amene saganizirako n'komwe. Ena amataya kumva pambuyo pa matenda oumitsa khosi, chikuku, kapena chikasu champhamvu atangobadwa. Palinso madzi amene amatsalira kuseri kwa kachikopa ka m'kati mwa khutu chimfine chikatha. Sapweteka, mwana sadandaula, koma amamva ngati watseka makutu ndi zala, ndipo madziwo akakhala miyezi itatu mwana ayenera kuonedwa. Mayeso a makina a khanda amatenga mphindi zochepa, ali m'tulo, osamva kuwawa. Muyezo umene akatswiri amatsatira ndi 1-3-6: kuyezedwa pofika mwezi umodzi, kutsimikiza vuto pofika miyezi itatu, kuyamba thandizo pofika miyezi 6.

Mwana akapezeka kuti samva, chinenero chamanja chiyambe pompo, ngakhale mukuyembekezera zipangizo zothandizira kumva. Ndi chiyankhulo chathunthu, chokhala ndi malamulo ake, ndipo sichiletsa mwana kudzaphunzira kuyankhula ndi pakamwa. Mu 1991 Laura Petitto ndi Paula Marentette anaonetsa kuti makanda osamva a makolo oyankhula ndi manja amachita ba-ba-ba wawo ndi zala, pa msinkhu wofanana ndi anzawo akumva.

Popita kuchipatala, lembani pa pepala mawu onse amene mwana amanena, m'ziyankhulo zonse, kuphatikizapo otchulidwa mopotoka ngati "ada" kutanthauza galimoto, bola akhale kuti amawagwiritsa ntchito pa chinthu chomwecho nthawi zonse. Lembaninso malangizo amene amamva popanda inu kuloza ndi dzanja, matenda a m'khutu amene anadwalapo, ndi maola amene amakhala pa TV kapena pa foni. Mujambuleni vidiyo ya mphindi ziwiri kapena zitatu akusewera nanu kunyumba, chifukwa ana ambiri amangoti zii akalowa m'chipinda cha dokotala.