Ntchito ndiyo ikudwalitsa anthu, abwana lekani kunamizira kunyumba

Mng'ono wanga amagwira ntchito m'sitolo ina yopikulitsa katundu ku Kamwala mu Lusaka, ndipo Loweruka lapitali anangoyamba kulira ali pa kauntala, manja akunjenjemera, osatha ngakhale kuwerenga chenji cha kasitomala. Abwana ake atamuona anamuuza kuti mavuto a kunyumba aziwasiya pa geti, ndipo ngati watopa anene msanga chifukwa ofuna ntchito ali mbwee kunja. Mawu amenewa andipsetsa mtima kwambiri, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi.

Mavuto a kunyumba ake ati? Mwanayu amanyamuka ku Kanyama kusanache kuti apeze minibasi, amakhala chiimire mpaka mdima, nkhomaliro amadyera pa kauntala pomwepo, ndipo chichotsedwereni anzake awiri, ntchito ya anthu atatu akuigwira yekha. Katundu akasowa amamudula malipiro osamufunsa n'komwe. Akalakwitsa pang'ono amamulalatira makasitomala akuona. Munthu wotereyu akasowa tulo, akasiya kudya, akayamba kudzidzimuka foni yake ikalira, musatiuze kuti matendawo wachoka nawo kwawo. Wawatengera pa ntchito. Ntchito ndiyo yamudwalitsa, ndipo amene amayendetsa ntchitoyo ndiwo amudwalitsa. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga, nanga inu abwana mukamusenzetsa denga lonse mwana mmodzi, mukudabwa chiyani akagwa nalo?

Ndikudziwa kuti malonda avuta ndipo zinthu zakwera mtengo, koma zimenezo sizipatsa munthu aliyense chilolezo chophwanya mnzake maganizo.

Boma la Zambia linaika kale malamulo. Lamulo la ntchito la Employment Code Act la 2019 limanena kuti sabata yogwira ntchito ndi maola 48, kuti maola opitirira pamenepo alipidwe mowonjezera, komanso kuti wantchito ali ndi masiku awiri a tchuthi pa mwezi uliwonse umene wagwira. Chaka chomwecho dziko lino linakhazikitsanso lamulo latsopano lokhudza umoyo wa maganizo. Koma funsani atsikana a m'masitolo a mu Lusaka muno kuti tchuthi anachiona liti, mudzamva okha. Mu 2022 mabungwe a padziko lonse oona za umoyo (WHO) ndi za ntchito (ILO) analengeza kuti masiku ogwira ntchito okwana 12 biliyoni amatayika chaka chilichonse padziko lonse chifukwa cha nkhawa ndi kuvutika maganizo, ndipo anatchula ntchito yochuluka mopyola muyezo, maola aatali ndi nkhanza za pa ntchito kuti ndi zina mwa zoyambitsa. Madokotala akuti ndi matenda, inu mukuti ndi ulesi. Kodi mukufuna wantchito wanu akagonekedwe ku chipatala cha odwala maganizo cha Chainama kuti mukhulupirire kuti akudwaladi? Ndipo akakafika kumeneko, ndinu nomwe mudzayambe kunong'onezana kuti wapenga, kapena kuti amulodza achibale, osatchula n'komwe zimene munkamuchita tsiku ndi tsiku.

Ndikubwereza, amene akudwalayu sanabadwe wofooka. Analowa ntchito ali wansangala, wokonda kucheza ndi anthu, ndipo lero akafika kunyumba amangodzitsekera m'chipinda osayankhula ndi aliyense. Chasintha ndi malo amene amakhalako tsiku lonse.

Chinanso chimene chimandinyansa ndi makontirakiti a miyezi itatu itatu pa ntchito imene aliyense akudziwa kuti ndi yokhalitsa. Mchitidwe wolemba anthu ngati aganyu pa ntchito zokhalitsa unaletsedwa mu 2015, komabe anthu akugwira zaka ndi zaka osadziwa ngati mwezi wamawa adzakhala ndi ndalama ya lendi. Munthu wamantha otero angadandaule bwanji za maola? Ngakhale malipiro atachedwa mpaka pa 15, amangoti zikomo abwana, kenako n'kupita kukatenga kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu.