Mzere wofiira uja pa mapu ndi ifeyo

Alamu anga abwera kuchokera ku Joni ndi kabokosi ka Garmin, kaja kolondolera njira komata pa galasi lakutsogolo la galimoto, kakale ndithu. Akuti, "Alamu, gulani aka, simudzachedwanso pa Crossroads." Ndakana, ndipo akhumudwa ngati ndakana nsima kwawo. Ndiye ndati ndilembe pano chifukwa chimene ine woyendetsa mu Lilongwe muno ndakanira, mwina wina ali pafupi kutaya ndalama pa chinthu chomwechi.

Kudziwa pamene uli ndi nkhani ina, kudziwa zomwe zikukudikira kutsogolo ndi nkhani inanso. Zoyambazo zimachokera kumwamba, ku ma satellite a GPS a boma la America. N'zaulere, sizifuna bandulo, ndipo Garmin amazimva, foni yanunso imazimva chimodzimodzi. Koma satellite sidziwa kuti lole yafera pa mlatho wa Lilongwe ndipo mzere wafika ku depoti. Zimenezo zimachokera pansi pano, m'matumba mwathu. Foni yokhala ndi Google Maps imene mwayatsa location ndi data imatha kuuza Google liwiro limene ikuyendera. Mafoni ambiri akamayenda ngati bilimankhwe pa M1, msewu uja umafiira pa mapu. Mu 2020 mkulu wina wa ku Germany, Simon Weckert, anaika mafoni 99 m'kangolo kokoka ndi manja n'kumayenda nawo pang'onopang'ono m'misewu ya Berlin. Google inafiiritsa msewu wopanda galimoto. Anthu anaseka, koma nkhaniyo ikuonetsa poyera pamene uthengawu umachokera.

Nanga kabokosi ka alamu kamva kwa ndani? Zida zakale za Garmin ndi TomTom zimalandira nkhani za pamsewu kudzera pa wailesi ya FM, njira yotchedwa RDS-TMC. Pamafunika wina woti azitolera nkhanizo n'kumaziulutsa, monga amachitira ku Ulaya ndi ku America. Zatsopanozi zambiri zimalumikizana ndi foni pa Bluetooth kuti zipeze nkhanizo. Mwamva? Mugule chida china, chidacho chizikapempha moto kwa foni imene muli nayo kale.

Komanso tisanamizane, ambirife chida chotere tili nacho kale, chinabwera ndi galimoto. Aliyense woyendetsa Vitz, Sienta, Passo kapena Mira yochokera ku Japan akudziwa sikirini ija ya zilembo zosawerengeka, ndi mayi uja amene amakulonjera m'Chijapani ukangoliza injini. Kwawoko chidacho n'chanzeru kwambiri, chimalandira nkhani za pamsewu kudzera pa njira yawo yotchedwa VICS, imene inayamba mu 1996. Kuno n'chokongoletsa chabe. Yanga, chigulireni, imakhulupirira kuti ndimayendetsa pakati pa nyanja. Ngakhale wailesi yake imathera pa 90 FM, mpaka ukamangitse kachida kowonjezera kuti umve masiteshoni onse. Chida chikhoza kukhala chabwino bwanji, ngati palibe wochidyetsa nkhani za kwanu, ndi bokosi basi.

Ndiye taganizani mmene misewu ya mu Lilongwe yasinthira zaka zochepa zomwezi. Pa Area 18 panali raundabauti, lero pali interchange. Kenyatta Drive inakulitsidwa. M1 yopita ku Kanengo siilinso mmene tinkaidziwira. Mapu a m'kabokosi amakhala momwemo mpaka mwini wake atakalumikiza ku kompyuta, ndipo ndani amachita zimenezo? A pafoni amasintha okha, nthawi zina mochedwa, koma amasintha.

Tsono musaganize kuti ndikuikweza foni pa mpando wachifumu. Nayo imanama, ndipo ine inandinamizapo mokwanira. Popeza nzeru zake zimadalira kuchuluka kwa mafoni, imaona bwino misewu ikuluikulu yokha, ya M1, Kenyatta, Presidential Way, Kaunda. Mukalowa mkati mwa Area 25, Chinsapo kapena Area 36, mitundu ija yosonyeza liwiro pa mapu imachepa. Ambiri timazimitsa data posunga bandulo, ndiye tili mu mzere koma Google sikutiwerenga. Ndimakayikiranso a kabaza. Iwo amadutsa pakati pa magalimoto oima, foni ili m'thumba, ndipo pena ndimaona msewu wobiriwira pa sikirini ine nditazimitsa injini.

Choipitsitsa ndi njira zachidule. Tsiku lina mu Januwale, ndikuchokera ku Kanengo madzulo, foni inati yandipezera njira yofulumira. Ndinamvera. Phula linatha, nyumba zinayamba kupanikizana, kenako matope ofiira aja, galimoto n'kukhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Anyamata anatulukira osaitanidwa, ngati ankadziwa kuti foni itumiza wina. Anandikankha, ndinalipira, ndipo ndinafika kunyumba anzanga amene anapirira mu mzere atadya kale. Mapu amaona mzere wolumikiza malo awiri, sadziwa kuti mvula yagwa dzulo.

Chinanso, foni imangoti pafiira, siinena chifukwa. Koma kwa woyendetsa chifukwacho ndiye nkhani yonse. Ngati ukudutsa mdipiti wa akuluakulu, dikirani, patseguka posachedwa. Ngati ndi ngozi, zungulirani. Ngati kuli mpira pa Bingu National Stadium, Kaunda Road muiiwale. Ngati ndi mzere wa mafuta umene wadya theka la msewu, umenewo ndi wa tsiku lonse. Nthawi imene mafuta amavuta, uthenga umene tonse timaufuna si wa liwiro, ndi woti thanki yatsitsa pati, petulo kapena dizilo, ndipo mzere wafika pati. Zimenezo zimamveka m'magulu a WhatsApp, ndipo WhatsApp ili pa foni, osati pa Garmin.

Ngakhale kupeza nyumba ya munthu. Mzinda uno manambala a madera satsatana, Area 10 inagundizana ndi Area 43, mlendo angalire. Kale tinkati mukafika pa chigayo mukhote kumanja, mufunse ana. Lero munthu amangokuponyera pini yosonyeza pamene ali pa mapu, iwe n'kudina.

Pomwe ndingavomereze alamu ndi pa ulendo wa kutchire. Amene amapita ku Nyika kapena kudutsa malire ndi galimoto zikuluzikulu zija amakonda Garmin yokhala ndi mapu a Tracks4Africa, ndipo sindiwatsutsa. Kabokosi sikalira wina akaimba, sikatentha msanga ngati foni yoikidwa padzuwa la Okutobala. Komabe ngakhale kumeneko, mukatsitsiratu mapu pa Wi-Fi musananyamuke, foni imakulondolerani netiweki itathawa, kungoti mitundu ija simuiona.

Ndalama imene alamu amafuna ndagulira kogwirira foni ndi chaja ya m'galimoto, china n'kutsala cha bandulo. Kogwirirako n'kofunika, chifukwa kuyendetsa foni ili m'manja apolisi apamsewu akulipiritsani, ndipo apa ine ndili mbali yawo. Garmin uja ndawauza akayese kwa anthu onyamula alendo opita ku Nyika. Dzulo atandiimbira kuti ndikawatenge ku Area 49, ndinawafunsa kuti ali pati penipeni. Anditumizira pini.