Utoto wamadzi subisa cholakwa, koma musauthawe

N'zoona kuti utoto wojambulira zithunzi wosungunula ndi madziwu umaopsa ongoyamba kumene, koma sindikuvomereza kuti ndi wovuta kuposa wina uliwonse. Vuto lake n'lakuti subisa cholakwa. Wamafuta uja ukalakwitsa umangopaka wina pamwamba. Uwu umaonetsa zapansi, ndipo kuyera konse pachithunzi ndi pepala lenilenilo. Ndiye umayamba ndi mitundu yowala, yakuda pambuyo, malo oyera n'kuwasiyiratu osawakhudza.

Ine ndinatsala pang'ono kugwa ulesi chifukwa cha pepala lopyapyala. Linkakwinyika, madzi n'kumadikha pakati. Nditapeza lathonje lokhuthala la 300gsm (lolemera magalamu 300 pa sikweya mita), zinthu zinasintha tsiku lomwelo. Ongoyambanu, dikirani pomwe mwapaka paume musanabwererepo ndi burashi, apo ayi mitundu isanduka matope. Ukauma umazilalanso pang'ono, choncho musaope kuukoleza.

Koma chimene chimanditenga mtima ndi kunyowetsa pepala kaye, kenako n'kudonthezapo buluu. Amayenda yekha ngati mtambo, ndipo sungamubwereze chimodzimodzi kawiri! Kaonereni kalulu yemwe Albrecht Dürer, katswiri wojambula wa ku Germany, anajambula mu 1502, pophatikiza utotowu ndi wina wokhuthala. Ubweya uja umachita kulakalaka kuusisita.