Sven Lindqvist, mlembi amene ankakumba pomwe waima

Pali mlembi wina wa ku Sweden amene wakhala akundizungulira m'mutu masiku ano, choncho lero ndilembeko za iyeyu. Dzina lake ndi Sven Lindqvist. Anabadwira ku Stockholm mu 1932 ndipo anamwalira mu 2019. Analembera nyuzipepala ya Dagens Nyheter kwa zaka zambirimbiri, anagwirako ntchito ku ofesi ya kazembe wa dziko lake ku Beijing kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mabuku ake amapitirira 30. Anayenda ku Latin America, ku Australia, mpaka m'chipululu cha Sahara. Azungu oyendayenda n'kumalemba alipo ambiri. Koma uyu ndimamulemekeza pa chifukwa china: akafika kwa anthu ena, funso lake linkabwerera kwawo. Sankabwera kudzatifotokozera mmene ife tilili. Ankafufuza zimene anthu akwawo anachita.

Buku limene ndimalikonda kwambiri si lotchuka kunja kuno. Linatuluka mu 1978, mutu wake ndi Gräv där du står, kutanthauza kuti kumba pomwe waima. Lindqvist atawerenga mabuku a mbiri ya makampani opanga simenti ku Sweden anapeza kuti nkhani yonse ndi ya mabwana: ndani anayambitsa fakitale, ndani anaikulitsa, phindu linakwera liti. Munthu amene ankanyamula matumba, amene ankapuma fumbi tsiku lonse mpaka mapapo kutha, m'mabukumo analibe malo. Ndiye iye sanangodandaula ayi. Analemba buku lophunzitsa wantchito wamba mmene angafufuzire mbiri ya ntchito yake: komwe kumasungidwa zikalata zakale, mmene ungawerengere malipoti a oyendera mafakitale, mmene ungachezere ndi akuluakulu amene anapuma pantchito. Mfundo yake inali yoti ntchito yako umaidziwa ndi iweyo, ndipo palibe pulofesa angakuposeni pamenepo. Anthu anamumvadi. Magulu ophunzirira limodzi anabuka m'dziko lonse la Sweden, ogwira ntchito n'kuyamba kukumba mbiri ya mafakitale awo. Tangoganizani kuti buku lotere linadikira mpaka 2023 kuti lituluke m'Chingerezi.

Kenako mu 1992 anatulutsa lomwe ambiri amamudziwa nalo, Utrota varenda jävel, limene m'Chingerezi ndi Exterminate All the Brutes. Mawuwa anawatenga m'buku la Joseph Conrad, pomwe mzungu wina dzina lake Kurtz amalemba kuti anthu akuda angophedwa onse. Lindqvist anakwera mabasi kudutsa Sahara, kuchokera ku Algeria kulowa ku Niger, atanyamula kompyuta yolemera ya nthawi imeneyo, ali ndi funso limodzi: maganizo oterewa anachokera kuti? Yankho limene anapeza ndi lowawa. Sanali maganizo a wamisala mmodzi. Anali m'mabuku a anthu ophunzira a ku Ulaya, amene ankaphunzitsa kuti mitundu ina ndi yotsika ndipo kutha kwake ndi lamulo la chilengedwe. Lindqvist amakamba za nkhondo ya ku Omdurman ku Sudan mu 1898, komwe asilikali a ku Sudan oposa 10,000 anaphedwa tsiku limodzi pamene mbali ya Angerezi inataya anthu osafika 50, Angereziwo n'kumaitcha nkhondo yaulemerero. Amakamba za Aherero a ku Namibia amene Ajeremani anawathamangitsira m'chipululu mu 1904 kuti akafe ndi ludzu. Ndipo amanena poyera kuti pamene Hitler ankapha Ayuda, Ulaya anali atazolowera kale kumva kuti mtundu wathunthu ukhoza kufafanizidwa.

Apa ena amatsutsana naye, amati analumikiza zinthu ziwirizi mophweka kwambiri. Ine ndawerenga bukuli kawiri, ndipo sindinaone pomwe akunena kuti zinthuzi ndi chimodzimodzi. Akunena kuti mbewu inafesedwa kale, m'minda ya anthu ena, ndipo ofesawo ankadziwa. Pamenepo ndili naye. Kumayambiriro kwenikweni kwa bukuli amati chimene tikusowa si chidziwitso, koma kulimba mtima kuti timvetse zimene tikudziwa kale. Mawu amenewa sanandichokebe.

Za buku lake la mbiri ya mabomba la 1999 ndingonena pang'ono. Analiduladula m'tizigawo 399, ndipo wowerenga amadumpha uku ndi uku potsata manambala, ngati munthu wothawa m'mudzi umene ukuyaka. Mmenemo ndi momwe ndinadziwira kuti bomba loyamba kuponyedwa kuchokera m'ndege linagwera mu Africa muno, ku Libya, mu 1911, ndipo analiponya ndi msilikali wa ku Italy, Giulio Gavotti. Mizinda ya ku Ulaya isanayambe kuphulitsidwa, luso limeneli linayesedwa kaye pa anthu olamulidwa ndi atsamunda. Mu 2021 Raoul Peck wa ku Haiti anapanga filimu ya zigawo zinayi pa wailesi ya kanema ya ku America ya HBO yotsamira pa buku la Sahara lija, koma mwini wake anali atapita.

Mukaona bwinobwino, mabuku onsewa ndi ntchito imodzi. Wa ku fakitale ya simenti akumbe pa fakitale yake, ndipo Lindqvist, pokhala mwana wa ku Ulaya, anakumba pa Ulaya, ngakhale zimene anafukula zinali zonunkha.

Nanga ine ndaima pati? Agogo anga aamuna anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni ali anyamata. Anabwerako ndi sutikesi, njinga, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka tsiku lomaliza. Ndinakula ndikumva akutsokomola usiku, koma sindinawafunsepo kuti pansi pa mgodi pankaoneka bwanji, ankadya chiyani, anzawo anali ndani. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Alongo awo akadali moyo kumudzi, ndipo amakumbukira tsiku limene agogo ananyamuka. Kumapeto kwa mwezi uno ndikupita kukawaona, foni itadzaza moto, ndi kope la mafunso m'thumba.