Chenjezo kwa inu omangirira injini ya tcheniso pa kandege

Anyamata inu, tamverani kuno. Khalidwe lomasula injini ya tcheniso m'mawa, masana n'kuimangirira pa kandege ka limoti, madzulo n'kuitana ana kuti adzaonerere, lilekeni. Ntchitoyo payokha si yoipa ayi. Injini za 25 mpaka 45cc zimaulutsa bwinobwino ndege ya mapiko a mamita awiri. Chikuipa n'chakuti mukuiwala kuti zonse mukuponyera pakonazo zinaikidwa kuti zikutetezeni. Kilatchi, buleki ya tcheni, chivindikiro cha injini, swichi, masipuling'i ochepetsa kunjenjemera, mukazichotsa ntchito yake siichoka nazo. Muyenera kuipezera china.

Taonani kilatchi. Pa tcheniso injini imalira pansipansi tcheni ili phee, chifukwa kilatchi siigwira mpaka moto utakwera. Pa ndege zimenezo palibe. Pulopela ili pa shafiti penipeni, injini ikangotsokomola nayo yanyamuka. Pulopela ya mainchesi 18 ikamazungulira maulendo 7,500 pa mphindi, nsonga zake zikuthamanga pafupifupi makilomita 650 pa ola. Ndiye wina n'kumaipukusa ndi chala chachabechabe, chingwe cha limoti chili lendee m'khosi! Mangani ndege kumchira pa chikhomo cholimba, pukusani ndi kamtengo kokutidwa ndi labala, ndipo ikalira zungulirani mukaime kumbuyo kwa mapiko. Pasakhale munthu kutsogolo kapena m'mbali mwa pulopela, chifukwa ikathyoka zidutswa zimapita kumeneko.

Chinanso, injini yamaginito, imene imadzipangira yokha moto wa pulagi, siidalira batire loti mungachotse. Ngati waya wozimitsira sunalumikizidwe ku thupi la injini, aliyense wopukusa pulopela akhoza kuiliza, ngakhale mwana amene wangodutsa n'kuigwira. Bwezerani swichi panja pa ndege pomwe dzanja lifika mosavuta, muikenso ina yozimitsa ndi limoti.

Tsopano fulaiwilo, gudumu la zipsepse ndi maginito la pa shafiti ya injini, pomwe pali kusamva kwambiri. Mukufuna kupepukitsa injini, ndiye mukuthyola zipsepse zake ndi pulayala kapena kuzidula ndi sowo, china chachitali china chachifupi. Chitsulo chimene chalemera mbali imodzi chikamazungulira maulendo oposa 100 pa sekondi chimadya mabering'i, chimamasula mabawuti, mwinanso kung'aluka n'kulavula maginito ngati mwala wa legeni. Zipsepse zisemedwe pa lathe, makina osemera chitsulo chikuzungulira, zonse mofanana, osayandikira pomwe pali maginito. Mukatha, ikani fulaiwilo pa kandodo kowongoka, kandodoko kagone pa mipeni iwiri yoyalidwa mofanana. Mbali ikamathamangira pansi, ndiyo yolemera. Palani pang'onopang'ono mpaka iziima paliponse mwaisiya. Ikaoneka ndi kamng'alu ngakhale kangati tsitsi, tayani. Pobwezera koyilo, imene imapereka moto ku pulagi, mpata wake ndi maginito ukhale pafupifupi mamilimita 0.3, ngati kukhuthala kwa kakhadi kapepala. Amene mwasankha kuchotseratu fulaiwilo n'kuika CDI, kabokosi kamagetsi kopereka moto ku pulagi, moto uzithetheka pa madigiri 28 mpaka 30 pisitoni isanafike pamwamba penipeni. Mukapitirira pamenepo injini imabweza pulopela poliza, n'kukumenyani dzanja.

Pulopela imamangidwa mbali ya fulaiwilo, chifukwa pa matcheniso ambiri mbali imeneyo ndiyo imazungulira momwe mapulopela wamba amafunira. Mbali ya kilatchi imapita kwina, ndipo mazinga ake nthawi zambiri ndi amanzere. Chogwirira pulopela chisemedwenso pa lathe kuchokera ku aluminiyamu. Zija zowotcherera nati pa paipi n'kumati zatheka, ayi. Poyesa, zimitsani swichi, chotsani pulagi, imikani msomali pafupi ndi nsonga ya pulopela n'kuizungulitsa ndi dzanja: nsonga zonse ziwiri zidutse pamalo amodzi. Injini ya 25cc imayenda ndi pulopela ya 16x8 (nambala yoyamba ndi kutalika kwake m'mainchesi, yachiwiri ndi kupotoka kwake), ya 30cc ndi 18x8, ya 45cc ndi 20x8 kapena pafupi pamenepo. Yaing'ono kwambiri imalola injini kukuwa mopitirira muyeso, yaikulu kwambiri imailemetsa n'kuitenthetsa. Pulopela zopyapyala za mamota amagetsi musaziike pano. Yathabwa imafinyika pansi pa washala, choncho nati muziyimanganso mukauluka maulendo angapo. Pulopela yomwe yagunda pansi siimatidwa ndi guluu.

Kuziziritsa nako mwakutaya limodzi ndi zipsepse zija. Pa tcheniso fulaiwilo imakankha mphepo, chivindikiro n'kuilondolera pa silinda. Pa ndege mumangodalira mphepo ya pulopela ndi ya pouluka, ndipo mukatsekera injini m'mphuno yokongola yopanda potulukira, mphepo yotentha imangodzaza momwemo. Potulukira pakule kuwirikiza kawiri kapena katatu polowera.

Nanga kabuleta? Safunsa anadya phula. Makabuleta a Walbro ndi a Zama awa amadzipopera petulo pogwiritsa ntchito kupuma kwa m'mimba mwa injini kudzera pa kabowo kakang'ono. Mukatembenuza gasiketi n'kutseka kabowoko, mudzapukusa mpaka dzuwa kulowa. Singano ziwiri zosinthira petulo, ya L ya moto wotsika ndi ya H ya moto wokwera, zitsekeni mofatsa osakanikiza, kenako muzitsegule kuzungulira kamodzi ndi theka poyambira. Ya H ndiyo mumaonongera injini: mukamaitseka, kulira kumakoma, inu n'kumasekerera, osadziwa kuti mwachepetsa petulo pamodzi ndi oyilo amene ali momwemo. M'mwamba injini imatentha, pisitoni n'kukanirira mu silinda. Pezani pomwe ikulira kwambiri, kenako tsegulani pang'ono mpaka itsike ndi maulendo 200 kapena 300 pa mphindi. Ndipo potembenuza singano, zimitsani kaye ngati dzanja likuyandikira pulopela. Oyilo akhale wa injini za 2-stroke zozizira ndi mphepo: mamililita 25 pa lita imodzi ya petulo ndi 40:1, mamililita 20 ndi 50:1. Yezani ndi sirinji, osati ndi maso. Injini ikamakwera moto yokha osafuna kutsika, kawirikawiri ikuyamwa mpweya pa masilo a shafiti kapena pa gasiketi; singano sizichiza zimenezo.

Paipi ya silikoni imafufuma ndi petulo n'kuvuka. Gwiritsani ntchito ya Tygon kapena ina yopangidwira petulo. Petulo amasungunulanso thovu loyera lija ena amapangira mapiko. Ndipo kuyesera injini m'chipinda chotseka ndi kudzipha, utsi wake uli ndi mpweya wakupha wosanunkha.

Injinizi zimalemera, zina kufika makilogalamu awiri, ndipo zimagwedeza koopsa popeza masipuling'i aja munachotsa. Khoma lomangirapo likhale la pulayiwudi wolimba wa mamilimita 6 wophatikiza kawiri, womatidwa ndi guluu wa epoxy, wochirikizidwa m'makona, mabawuti atapakidwa mankhwala oletsa kumasuka. Thanki ili yopanda kanthu, nyamulani ndege ndi zala ziwiri pansi pa mapiko, pa gawo limodzi mwa magawo anayi a mulifupi mwa phiko kuchokera kutsogolo kwake kapena kumbuyo pang'ono. Ikagwera kumchira musaiulutse.

Moto wa pulagi umasokoneza limoti. Pulagi ikhale ya resistor, yochepetsa kusokonezako, risiva (kolandirira limoti m'ndege) ndi batire lake zitalikirane ndi koyilo masentimita 30, ndipo kandodo kokwezera ndi kutsitsira moto pa kabuleta kakhale kanayiloni, osati kachitsulo. Konzani limoti kuti ikasiya kulumikizana ndi ndege, moto uzitsika wokha mpaka kuzima. Yesani zimenezi ndege ili yomangidwa, injini ikulira: zimitsani limoti muone. Kenako yesani mtunda monga buku la limoti yanu likunenera, koyamba injini ili zii, kachiwiri ikulira mwamphamvu. Ma servo, timamota toyendetsa ziwongolero za ndege, akamanjenjemera okha ulendo wachiwiriwo, tsiku limenelo palibe kuuluka. Pasulani, mufufuze waya wa pulagi. Ndipo bwalo louluka likhale lotalikirana ndi nyumba, misewu, mawaya amagetsi ndi mabwalo a ndege, oonerera onse ali kumbuyo kwa woulutsa.