CHENJEZO KWA INU ENI MALAPUTOPU NDI MAKOMPYUTA A M'NYUMBA

Ana anga, abale ndi alongo a muno mu Blantyre, lero ndiyankhula ndithu chifukwa zandikwana. Sabata yathayi kunabwera mtsikana wina pakhomo panga kuno ku Chilomoni, mwana wa mnzanga amene timapemphera limodzi, laputopu ili mu jumbo, maso ali psuu ndi kulira. Ali chaka chomaliza ku koleji ndipo kafukufuku wake yense amene wakhala akuchezera naye usiku miyezi yambirimbiri anali mmenemo. Makinawo ukayatsa akungolira kuti tiki tiki tiki mkati, pa sikirini pali bii. Ndinamufunsa kuti mwanawe, ntchito imeneyi unaisunganso pena? Anangowerama. Nditatsegula kunsi kwake ndinapeza kafani katatsekeka ndi ubweya wa bulangete ndi fumbi ngati chisa cha mbewa, hadi disiki, mosungiramo mafayilo onse, itatheratu. Kufunsitsa, akuti amaigwiritsa ntchito pabedi, kuonera mafilimu mpaka tulo, mmawa kungoipinda ikadali yoyaka nkuiponya mchikwama, ulendo pa minibasi ya ku Limbe ikugundidwa ndi maondo a anthu.

Ine makompyuta ndinayamba kuwagwira nthawi imene kalata za muofesi tinkasunga pa timadisiki ta 1.44 MB, ndipo ndikuuzeni mosabisa, makina ambiri amene anthu amabwera nawo kwa ine sanafe ndi ukalamba ayi, aphedwa ndi eni ake. Koma mukamafotokoza mumati "yangozima yokha". Siizima yokha.

Laputopu imapuma. Imakoka mpweya kunsi nkuutulutsa wotentha mmbali kapena kumbuyo, ndiye inu mukaikhazika pa matilesi, pa pilo kapena pa chitenje mwaitseka mphuno. Onjezerani kutentha kwa mwezi wa Okutobala m'nyumba za malata zopanda siling'i za ku Ndirande kapena ku Bangwe, mukuganiza kuti ipirira mpaka liti? Imayamba yakuchenjezani, fani kulira ngati chigayo, kunsi kutentha moti simungaike pamwendo, kenako kumangozima pakati pa ntchito. Kuzimako ikudziteteza kuti isapse, koma inu mmalo momva mumayatsanso pompo. Ikani patebulo, ngati mwakakamira pabedipo ikani kathabwa kapena thireyi kunsi. Kamodzi pachaka apatseni odziwa atsegule, achotse fumbi, apakenso thermal paste, mafuta othandiza kuchotsa kutentha, pa purosesa, ubongo wa makinawo, chifukwa amauma. Ndipo inu a makompyuta aakulu aja, bokosi lija musaike pansi pomwe mukusesa ndi tsache mmawa uliwonse, fumbi lonselo limathera mkati. Ndinatsegulapo lina ndikupeza mphemvu zitaswerana pa bolodi lamkati lija lolumikiza tizida tonse ta makinawo, poti mwini wake amadyera mandasi ndi chipisi pomwepo.

Za tiyi nazo. Kapu ya tiyi pambali pa kiyibodi, mwana akuthamanga, basi khuthu. Zikatero musadikire kuti ndione ngati ikugwirabe. Zimitsani nthawi yomweyo podina batani osachotsa chala, zulani chaja, chotsani batire ngati ndi lochotseka, itembenuzeni chafufumimba ili chotsegula madziwo atuluke, ndipo musaiyatse kufikira aione amisiri. Chimene chimapha si kunyowa kokha, ndi magetsi kudutsa ponyowapo, komanso shuga wa mu tiyi kapena Sobo amatsalira nkumadya bolodi pang'onopang'ono. Zoikwirira mu mpunga zija ndi bodza, mpunga sulowa mkati kukatsuka shuga. Wina anaiyanika pafupi ndi mbaula mabatani mpaka kupindika.

Tsopano nkhani ya magetsi, apa ndipo pamene mumandikwiyitsa kwambiri chifukwa tonse tikudziwa mmene timakhalira. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo simunaiwale mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 dziko nkutaya pafupifupi ma megawati 130, tinkakhala mumdima maola ambirimbiri. Ndiye munthu wokhala muno kuthima kwa magetsi si chinthu chachilendo kwa iye, nanga bwanji mukuchita ngati simudziwa? Pamene amabwerera paja mpamene pali ngozi, nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola 230 V imene zipangizo zathu zimayembekezera, kapena amabwera nkuthimanso nkubweranso kangapo. Akathima zulani pulagi kukhoma. Akayaka ana akukuwa kuti ayaka, dikirani kaye mphindi zingapo akhazikike. Chodabwitsa nchakuti filiji munaigulira kachida koiteteza, TV nayo munaigulira, koma kompyuta imene muli ziphaso zanu, maakaunti a bizinesi ndi zithunzi za ukwati mwaisomeka pa ekisitenshoni yotchipa ya pamsika, pomwepo pali ayironi, pomwepo ketulo, pomwepo hotipuleti, mpaka pulasitiki wake anachita kusungunuka mbali imodzi. Ekisitenshoni wamba siteteza kanthu, imangochulukitsa mabowo. Funsani surge protector yeniyeni, kachida koteteza makina magetsi akabwera ndi mphamvu yopyola muyeso. Wa kompyuta yaikulu yopanda batire agule UPS, ndipo UPS ntchito yake nkukupatsani mphindi zochepa kuti museve ndi kuzimitsa bwinobwino, osati kumalizira filimu ikulira pii pii mpaka kufa.

Komanso khalidwe lija lotokosa bowo lapamwamba la soketi ndi kamtengo kapena bolopeni kuti pulagi ya mano awiri ilowe, lekani. Masoketi athu ndi a mano atatu pa chifukwa, dzino lachitatulo ndi la earth, lopititsa pansi magetsi osokera kuti asakugwireni. Ena mumachita kudula pulagi nkulowetsa mawaya osenda mmabowo, m'nyumba muli ana okwawa! Dzinja likafika, mvula ya ziphaliwali ikayamba kugunda ku Michiru kapena ku Soche, kuzimitsa pa switchi sikokwanira, zulani ndithu.

Chaja. Yanu ikafa mumabwereka ya aneba poti "ikulowa". Kulowa si umboni. Tembenuzani laputopu kapena chaja yakaleyo muwerenge manambala, ma HP ndi Dell ambiri amafuna 19.5 V, ma Lenovo ambiri 20 V, ena 19 V, ndipo muonenso ma watts ake asachepe. Chaja yopepuka ngati mulibe kanthu mkati, yotentha moti simungaigwire, yochititsa kuti kamuvi kazidumphadumpha pa sikirini, imeneyo ikuphani bolodi ndipo mtengo wa bolodi mudzalira nawo. Safunsa adadya phula. Waya wake mumaukulunga mothina mpaka kuthyoka pakhosi nkumanga ndi kapulasitiki ka shuga, mukufuna kuotcha nyumba kodi? Ndipo mukaona kuti pamene mumayendetsa chala paja patukuka kapena chivundikiro chakunsi chikukana kutsekeka, batire latupa. Musalikanikize, musaliboole, musalitayenso kudzala kumene mumatentha zinyalala chifukwa limaphulika.

Ndibwere pa mafulashi. Fulashi imodzi yomweyo yalowa kopulintitsa ku Ginnery Corner, yalowa kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu mu Limbe, yalowa kuntchito, madzulo mwaisomeka kunyumba osaisikana nkomwe. Kenako mafoda onse asanduka ma shortcut, inu nkumadina limodzilimodzi kufuna kuona, osadziwa kuti kudinako ndiye mukudzala vayirasiyo mu kompyuta yanu. Ena chifukwa cha mantha amathamangira kufomata fulashi nkutaya zonse, chonsecho nthawi zambiri mafayilo alimo, angobisidwa. Sikanani kaye, kenako muuze Windows ionetse mafayilo obisika, kuphatikizapo aja imati ndi a system. Ndipo Windows Defender, antivayirasi imene inabwera kale mmakinamo, imagwira ntchito bwino ndithu ikamalandira ma update, koma ana anu amaizimitsa kuti gemu yakuba ilowe, poti malangizo a gemuyo awauza choncho. Munthu wakuuzani kuti mangani galu kaye ndisanalowe, inu osadabwa? Ena mwaika ma antivayirasi atatu onse otha ntchito, akungolimbana okhaokha makina nkumakwawa.

Ma update mumawatseka kuti bandulo isathe, ndikumvetsa, intaneti njodula. Koma pezani tsiku limodzi pamwezi mupite pamene pali Wi-Fi. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 nayo nthawi yake inatha pa 14 Okutobala 2025, ndiye ngati mukulowa ku banki pa makina otere dziwani kuti chitseko chilibe loko.

Zina mumawonongera ndalama pachabe chifukwa cha phuma. Laputopu ikakana kuyaka yesani soketi ina kaye, onani fyuzi ya mu pulagi poti mapulagi athu a mano atatu ali ndi fyuzi mkati, kenako zulani chaja, chotsani batire ngati likuchoka, dinani batani loyatsira masekondi 30, bwezerani. Zambiri zimadzuka pomwepo. Kompyuta ikamaiwala tsiku ndi nthawi mpaka mawebusayiti nkumakana kutseguka, kawirikawiri ndi kabatire kozungulira ngati kandalama ka CR2032 kali pa bolodi katha, sikodula nkomwe. Bokosi likamalira pii pii sikirini ili yakuda, nthawi zambiri ndi RAM, kamemole kosomeka pa bolodi, yasuntha, muzule kukhoma kaye musanagwire mkati. Koma kuimenya mbama ikamachedwa, kapena kuzimitsa pozula waya tsiku ndi tsiku chifukwa mwachedwa kuntchito, kumeneko nkupha hadi disiki. Muli mbale yozungulira maulendo 5400 kapena 7200 pa mphindi imodzi, kasingano kakuyandama pamwamba pake, ndiye inu mukuigwedeza. Amene angathe asinthe aike disiki ya mtundu wa SSD, ilibe chozungulira ndipo makina akale amapepuka nayo kwambiri.

Amisiri abwino alipo mtauni muno, ine ndimawalemekeza, koma aliponso ena amene matenda alionse mankhwala ake ndi "tifomate". Musavomere musanakopere zinthu zanu. Musanasiye makina lembani papepala kukula kwa RAM ndi disiki ndi nambala yake yakunsi, iye akuona. Tulukani mu Facebook, imelo ndi WhatsApp, ndipo zithunzi zoti simungafune anthu aone musazisiye mmenemo, tamva zokwanira za mabanja amene anachita manyazi.

Koma chimene chinandiwawa kwambiri pa mtsikana uja ndi ichi. Pambuyo pake anadzandiyankha kuti agogo, ndinasungatu pa D. Ana anga, pa makompyuta ambiri C ndi D ndi disiki imodzi yomweyo yongogawidwa pakati, zili ngati zipinda ziwiri za nyumba imodzi, denga likagwa zonse zapita. Kusunga kwenikweni nkuika kunja kwa makinawo. Aliyense amene ali ndi Gmail, Google inamupatsa malo a 15 GB aulere, fayilo ya Word ndi kanthu kakang'ono kosatha ndi bandulo yomwe, mungathe ngakhale kudzitumizira nokha pa imelo madzulo alionse mukamaliza kulemba. Gulani fulashi ina yosayendayenda kapena disiki yakunja, ndipo isamagone mchikwama chimodzi ndi laputopu chifukwa wakuba wa pa Wenela akatsomphola chikwamacho watenga zonse ziwiri. Amene munaona madzi ndi matope a Freddy mu Malichi 2023 ku Chilobwe ndi madera ena mukudziwa kuti katundu wa m'nyumba amatha usiku umodzi. Mawa mawa yemweyo, Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Disiki ya mwana uja ndinayesa kuilumikiza pa makina ena, siinaoneke nkomwe, ndipo ndinamuletsa kumangoiyatsayatsa poti kutero kumapalapasa mbale ija. Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa tikufufuza mu foni yake, tinapeza mitu iwiri yoyambirira imene anatumizira aphunzitsi ake pa imelo ndi mutu wina umene anapatsa mnzake pa WhatsApp kuti amuwerengere. Zotsalazo, pamodzi ndi manambala onse amene anatolera kumidzi, akuyambiranso, ndipo kwatsala masabata atatu kuti apereke. Mayi ake agulitsa makina awo osokera kuti apeze disiki ina.