Kuwotcherera n'kupopera penti sikuti mwakonza galimoto

Lero ndakwiya, ndipo a panel beater mundimva basi. Sienta ya alamu anga inagundidwa kumbuyo chaka chatha, pamwamba pa tayala. Pagalaja ina, dzina sinditchula, anadula chitsulo chopindikacho, kuwotchererapo china, kupopera penti. Tsiku lokatenga galimoto tonse tinayamikira, mtundu unafanana bwinobwino. Dzinja limodzi lokha ladutsa. Pano penti yatuluka matuza motsatira mzere womwe anawotcherera, mukaboola ndi chikhadabo mukutuluka madzi ofiira. M'buti, pamalo pa tayala la sipeya, muli chithaphwi. Titakweza kapeti tapeza chitsulo chili mbulanda. Primer, penti yoyamba yoteteza chitsulo ku dzimbiri, palibe. Seam sealer, phala lomata mzere wolumikizira zitsulo kuti madzi asalowe, palibe. Fila (phala losalazira bodi) ndi penti kunja, mkati ayi ndithu.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere!

Amisiri inu, kuwotcherera si kumaliza ntchito. Ndibwerezenso: mukazimitsa moto uja ntchito mwangoifikitsa pakati. Galimoto ikamapangidwa kufakitale, bodi yonse amaimiza m'thanki ya primer kuti ilowe m'makona monse, ndipo zitsulo zambiri zimakhala zokutidwa ndi zinc yoziteteza ku dzimbiri. Moto wanu umapsereza zonsezo, kutsogolo ndi kuseri komwe. Chitsulo cha bodi n'chopyapyala, nthawi zambiri sichikwana milimita imodzi. Ndiye pamene mwawotchererapo ndi pamene dzimbiri limayambira, makamaka pomwe zitsulo ziwiri zasanjikizana, chifukwa madzi akalowa m'kampata kameneko satulukamo. Mukudziwa zimenezi. Musandiuze kuti simukudziwa.

Kodi chovuta n'chiyani? Musanalumikize, pakani weld-through primer, ya zinc ija, pamalo pomwe zitsulo zikagundane, poti mukatseka simudzafikaponso ndi burashi. Mwawotcherera, palani ndi girayinda, pukutani, ikani epoxy primer pachitsulo. Ikauma, seam sealer pamzere wonse, kunja ndi mkati, pamwamba pa primer osati pachitsulo chosapaka kanthu. Ndipo sealer imeneyi si yopaka musanayatse moto, imapsa n'kuipitsa welding yanu. M'malo otsekeka ngati m'zitseko ndi m'munsi mwake poperanimo cavity wax, phula lotchinga chinyezi. Basi. Palibe matsenga apa.

Koma inu ayi. Moto, girayinda, fila, penti, "bwana galimoto yatha". Yatha kuti? Fila satseka madzi, amamwa madzi. Mukamumata pachitsulo chomwe kuseri kwake kuli mabowo a welding osatseka, chinyezi chimalowera kumbuyo n'kumadya chitsulo mwakachetechete, penti ikuwala pamwamba. Matope a m'misewu yathu yafumbi amakakamira mkati mwa mudguard kuyambira Disembala mpaka Epulo, osauma. Wokhala kunyanja, ku Salima kapena ku Mangochi, ndiye chinyezi sichimusiya. Mukuganiza kuti chitsulo chopserera chosapaka kanthu chipirira zimenezo?

Mudzati zinthu zakwera mtengo, forex kulibe. Nanga fila ndi penti mumagula ndi masamba a mango? Muuzeni mwini galimoto kuti ntchito yokhala ndi primer ndi sealer ndi mwakuti, yopanda ndi mwakuti, asankhe yekha. Koma kulandira ndalama ya ntchito yonse n'kugwira yooneka ndi maso yokha, kumeneko ndi kuba. Inde, kuba. Mwaba chifukwa munabisa pomwe kasitomala sangaone. Mwaba chifukwa mukudziwa kuti akadzabweranso mudzati "ndi mvula bwana, magalimoto a ku Japan ndi choncho". Bodza! Nanga mbali inayo, yomwe simunaigwire, mvula siigwa? Bwanji ilibe dzimbiri?

Ndipo pano kukonza kwake si kupopera penti yatsopano. Ayenera kudulanso, malo aakulu kuposa poyamba, poti dzimbiri lafalikira. Alamu alipira kawiri chifukwa munthu wina anachita ulesi kufinya chubu cha sealer.

Eni magalimoto nanunso, lekani kungofunsa ngati mtundu wafanana. Pitani pagalaja galimoto isanapopedwe penti. Gwadani, suzumirani kuseri kwa panel, kwezani kapeti. Ngati mzere wa welding uli poyera, musalole apitirire. Akakwiya akwiye, galimoto ndi yanu.

Pamene ndili pomwepa, inu ogulitsa magalimoto pa Facebook amene mumalemba kuti "accident free" pomwe chitseko chonse ndi fila. Tsiku lina ndinayika maginito pachitseko cha Vitz ina yomwe mnzanga ankafuna kugula, maginito kugwa pansi poti sagwira pa fila. Wogulitsa osachita manyazi n'komwe, akuti ndi momwe inabwerera kuchokera ku Dar es Salaam. Anthu inu mulibe chisoni.